Kaminibasi Koyenda Kokha ka ku Kawale

Chinthu choyamba chimene Godwin anaona chinali udzu. Unali udzu wauwisi, wozulidwa ndi mizu yomwe, utakodwa kunsi kwa bampala ya kaminibasi koyera kamene ankayendetsa, ndipo kumizu kwakeko kunali kukudonthabe matope ofiira. Kunja kunali kusanache. Tambala wa kuseri kwa chigayo anali atangolira kumene, ndipo mumpanda wa njerwa umene anthu a ku Kawale kuno amagonekamo magalimoto awo munali zii, kupatula madontho a mvula ya usiku amene ankagwa kuchokera pamalata. Godwin anawerama ndi tochi ya pafoni, nauzula udzuwo, nauyang'ana nthawi yaitali. Mumpandamo munalibe udzu. Pansi ponse panali miyala yoswaiswa ndi mafuta akuda otayikira.

Mlonda wa pamalopo anali a Kasimu, bambo wachikulire wa ku Machinga, wowonda, woyankhula motsitsa, amene ankakhala pakabenchi pafupi ndi geti atadzikuta chikhothi chachikulu.

"Madala, galimotoyi inatulukanso usiku?" Godwin anafunsa.

"Ayi, achimwene. Mwalowa nayo choncho."

"Choncho bwanji? Ine ndimayenda m'tchire?"

A Kasimu anangodzuka pang'onopang'ono, nakatsegula geti.

Godwin analibe nthawi yoti aziganizira za udzu. Ankagwira ntchito ndi gulu lojambula sewero la pa kanema, ndipo udindo wake anzakewo ankautchula kuti rana, kunena kuti wothamanga. Zonse zofuna miyendo kapena matayala zinali zake. Mbandakucha ankatenga ojambula ndi ochita sewero m'makomo mwawo, uyu ku Area 25, uyu ku Chinsapo, uyu ku Area 36, n'kukawatula ku Area 23 kumene anabwereka nyumba yojambuliramo. Masana ankathamangira mafuta a jenereta, chakudya, mabatire, nsapato imene wina waiwala. Ojambula akamapuma, iye ndiye amakhala ali pamsewu. Kujambula kukatha anthu ena onse atagona kale m'makomo, ankawatulanso mmodzimmodzi, ndipo iye ankafika kwake pomaliza, n'kudzukanso poyamba. Mkulu wa gululo, a Maureen, anamuuzapo sabata yoyamba kuti apeze dalaivala wina woti azisinthana naye. Godwin anaseka.

"Madamu, ine ndine chitsulo cha ku Ntcheu. Musataye nthawi."

Chimene sanawauze n'chakuti anakhala zaka ziwiri akupondaponda m'tauni wopanda ntchito, ndipo ankaopa kuti munthu wina akangokhala pampando umenewo, sadzadzukaponso.

Patapita masiku, galasi la m'mbali, la kumanzere, analipeza likulendewera pawaya ngati dzino logwedera. Tsiku lina pachitseko panali patapakika zofiira, ndipo mtima wake unagunda mpaka ataona njere zake n'kuzindikira kuti anali matimati. Kenako kunasowa katundu. Chikwama chakuda chosungiramo nyali ziwiri zojambulira, chimene Godwin anachikweza yekha ndi manja ake, m'mawa mwake munalibe, ndipo chitseko cha kumbuyo chinali chongotsamira, chosakhoma. Nthawi zonsezi yankho la a Kasimu linali limodzi, lonenedwa maso ali pansi: mwalowa nayo choncho.

Mphekesera zinafika kunyumba kudzera mwa mkazi wake, Elsie, amene anazitola pampopi. Anamuuza akumuthirira madzi osamba m'manja, akunong'ona kuti mwana wawo Tina asamve.

"Bambo a Tina, akuti ku Biwi kukumadutsa galimoto yoyera yopanda woyendetsa."

"Akunena ndani?"

"Azimayi ogulitsa makala m'mbali mwa msewu, aja amagona pomwepo kulondera matumba. Akuti imabwera pang'onopang'ono, nyali zili ngwee, ikupita uku ndi uku ngati woledzera. Ukasuzumira pampando wa dalaivala, mulibe mutu wa munthu. Dzana akuti inagwetsa benchi ya matimati, osaima."

Godwin anafuna kuseka, koma anaganiza za njere zija pachitseko. Elsie atabwerako kokataya madzi, anamupeza atatsamira khoma, maso ali tseke, mbamu ikadali m'manja.

"Mukudzipha nayo ntchitoyi," anatero pomugwedeza.

"Sindinagone. Ndimaganiza."

Kuntchito nkhaniyo inafika itamera kale nthenga. Sewero limene ankajambulalo linali la banja lina lolimbirana nyumba ya masiye, ndipo munali gawo la kwa sing'anga. Pofuna kuti zioneke zenizeni, mnyamata wokonza malo anakagula lichero lakale, mchira wa nyama ndi nsupa yakuda yamikanda kwa munthu wina ku Mgona, ndipo zinthu zimenezi zinkagona m'kaminibasi momwemo, pansi pa mpando wa kumbuyo. Anthu anayamba kunong'onezana pa nthawi ya chakudya. Ena amati nsupayo sinali yoseweretsa, mwini wake anamwalira chaka chatha, ndipo achibale anaigulitsa pofuna kuichotsa pakhomo. Ena amati lichero likagona m'galimoto, galimotoyo imasanduka ndege ya eni ake a licherolo. Mayi wina wochita sewero anakana kukweramo, nayamba kubwera pa njinga yamoto. A Maureen anakalipa kuti sakufuna kumva zopusa, komabe madzulo ake anauza mnyamata uja kuti akasiye zinthuzo kwina. Zinthuzo zinachoka, koma m'mawa mwake tayala la kutsogolo linapezeka lodzaza matope mpaka m'kati, ngati galimotoyo inatsetserekera m'ngalande n'kutulukamo.

Panali chinthu chimodzi chimene Godwin sankauza munthu, ndipo iye mwini sankafuna kuchiyang'ana kumaso. Womaliza kumutula tsiku lililonse anali Upile, mnyamata wojambula mawu, amene ankakhala ku Area 36. Upile akatsika n'kumenya chitseko, m'galimoto munkatsala bata lolemera, la mtundu umene umamveka m'makutu. Magetsi akakhala atazima, mdima unkayambira pomwe nyali zathera, wandiweyani ngati utsi wa matayala. Achule ankalira m'ngalande mbali zonse ziwiri, zopukutira galasi zinkapita uku ndi uku ndi kaphokoso kake kosasintha, ndipo kumbuyo zovala za ochita sewero zopachikidwa pawaya zinkakhulana, shwee, shwee, ngati munthu akusuntha pampando. Godwin ankatsitsa galasi kuti mphepo imuwombe, ankatafuna chingamu mpaka nsagwada kuwawa, ankamwa zakumwa za m'zitini zija amati zimachotsa tulo. Ankakumbukira bwino akuchoka pakhomo pa Upile. Ankakumbukiranso geti la mpanda likutseguka. Koma za pakati pake, msewu wonse wodutsa ku Biwi, m'mutu mwake munkangokhala dzenje. Ankadziuza kuti ndi mmene zimakhalira ndi msewu umene wauzolowera: miyendo ndi manja zimaudziwa zokha. Komabe masiku ena ankafika pageti malaya atanyowa ndi thukuta lozizira, mtima ukugunda ngati wathamangitsidwa, osadziwa chimene chamuopsa.

Munthu akamaopa chinthu chimene chili m'kati mwake, amasangalala akapeza wina womuloza chala. Godwin anakumbukira kuti a Kasimu amadziwa kuyendetsa, chifukwa ankasuntha magalimoto mumpandamo eni ake akawasiyira makiyi. Anakumbukiranso kuti tsiku lina anawasiyirapo makiyi ake kuti atsuke m'kati. Kusulitsa kiyi wina kumatenga nthawi yochepa bwanji? Zonse zinagwirizana bwinobwino, ndipo mtima wake unapepuka koyamba m'masabata angapo.

"Ndi mdala uja," anauza a Maureen ndi Upile. "Ndikangochoka, amaitulutsa. Kaya amabwereketsa akuba, kaya ndi zamatsenga zakwawo zija, ine sindikudziwa. Koma nyali zanu anatenga ndi iyeyo."

"Muli ndi umboni, a Godwin?" a Maureen anafunsa.

"Umboni tiupeza. Upile, suja uli ndi kakamera kakang'ono kojambula ngakhale mumdima?"

Nzeruyo inali yake, ndipo anainyadira. Upile anamata kakamerako pakona ya galasi lakutsogolo, kuseri kwa mapepala a inshuwalansi, kataloza kumpando wa dalaivala. Anagwirizana kuti Upile akayatse potsika kwawo, kuti Godwin asakagwiregwire pamenepo a Kasimu akuona. Tsiku limenelo kujambula kunatha mochedwa kuposa masiku onse, chifukwa jenereta inazima kawiri. Potsika, Upile anadina kabatani, kanyali kofiira kanaphethira kamodzi n'kuzima.

"Mawa tigwira mfiti, aise," Godwin anatero.

M'mawa mwake sanafunikire tochi. Nyali ya kumanzere inali itasweka, chitsulo cha pamwamba pa tayala chitapindikira m'kati, ndipo pamenepo panali mzere wautali wa penti yobiriwira imene sinali ya galimotoyo. Pabampala panakodwa kansalu ka buluu, kamphonje, konga kamene akabaza amakongoletsera mpando wa njinga. Godwin anakuwa. Anakuwa kwambiri moti anthu amene ankapita kumsika anaima, ena anatuluka m'nyumba atadzifunda zitenje, Elsie nayenso anabwera akuthamanga. Pakati pa anthuwo panali wakabaza wina, ndipo ataona kansaluko anagwira pakamwa.

"Aka ndi ka Felix! Felix wa ku Biwi! Amutola m'ngalande usiku, mwendo utathyoka. Akuti yamugunda galimoto yoyera yopanda munthu!"

Anthu anabwerera m'mbuyo, kuitalikira galimotoyo. Ndipo Godwin, pamaso pa onsewo, anatambasula dzanja naloza a Kasimu.

"Munthu wake ndi uyu. Ndakhala ndikumuona. Afunseni kumene amapita nayo usiku!"

"Achimwene," a Kasimu anatero, "mwalowa nayo choncho. Ndinamva magalasi akugwa pamene mumaima."

Anatsegula pakamwa ngati akufuna kuwonjezera mawu ena, koma maso awo anagwera pa Elsie, ndipo anatseka pakamwapo. Anthu anaona ngati kumeneko ndiko kuvomera. Khofi loyamba linachokera kumbuyo, chipewa chawo chinagwera m'matope. Wina anawakoka chikhothi, wina anawaponda m'nthiti atagwa kale. Mawu akuti mfiti ndi akuti wakuba ankamveka mosinthana. Godwin sanamenye nawo, koma sanaletsenso. Anaima manja ali m'chiuno. Achitetezo cha m'mudzi ndiwo anawalanditsa, nawatengera kupolisi magazi akutuluka m'mphuno, nsapato imodzi itatsala pageti.

Godwin anamatula kakamera kaja, nakwera minibasi ya ku Area 23. Atafika anaitana aliyense: ojambula, ochita sewero, amayi ophika, ngakhale mwini nyumba. Ankafuna onse aone. Anasonkhana pabalaza, makatani atatsekedwa kale chifukwa cha kujambula, ndipo Upile analumikiza kakamerako ku laputopu.

"Pititsa kutsogolo, ufike pamene ndaimika," Godwin anatero.

"Dikirani," a Maureen anayankha. "Tiyambire poyamba."

Chithunzi chinali chotuwa, chobiriwirira, ngati cha pansi pa madzi. Munaoneka Godwin ali pachiwongolero, akutafuna chingamu, maso akuwala ngati a mphaka. Kunkamveka injini, achule, ndi zovala zija zikukhulana mumdima wa kumbuyo, kumene kamera sinkaonako kanthu. Munthu wa pachithunziyo anayasamula. Anadzimenya patsaya. Ena pabalazapo anaseka pang'ono, Godwin nayenso anaseka nawo. Kenako nsagwada zija zinasiya kutafuna. Maso anakhalabe otsegula, koma munalibe munthu m'menemo. Anali maso a nsomba ya pamsika. Zikope zinatsika pang'onopang'ono, mutu unawerama, unaweramabe, mpaka chipumi chinatsamira pachiwongolero ndipo pampando panangotsala msana. Injini inkalirabe. Kuwala kwa nyali za m'mbali mwa msewu kunkadutsabe pamsanapo, kusonyeza kuti galimoto ikuyenda.

Pabalaza panalibenso woseka. Mayi wina anati, "Mayo ine," motsitsa.

Mutuwo unadzuka, manja anawongola chiwongolero, maso ali otsegula koma osaona, kenako unagwanso. Zinachitika choncho kangapo. Ndiye kunamveka belu la njinga, likulira mopupuluma, ndi mawu a munthu akukuwa kuti, "Eee! Eee! Abwana!" Phokoso lake silinali lalikulu. Linali ngati munthu wagwetsa beseni lachitsulo pasimenti, kenako magalasi akuyoyoka. Chithunzi chinagwedezeka. Munthu wa pampandoyo anadzutsa mutu, nayang'ana kutsogolo ndi nkhope yopanda kanthu, napukuta dovu pachibwano, napitiriza ulendo. Kumbuyo, kulira kwa munthu kunkachepa, kunkachepa, mpaka achule anakukwirira.

Upile anafuna kutseka laputopuyo, koma a Maureen anamugwira dzanja. Upile anapititsa chithunzicho kutsogolo. Galimoto inaima mumpanda, Godwin anatsika akudzandira, ndipo kuchokera pamenepo mpaka kunja kunayera, pampandopo sipanakhale munthu wina aliyense. Chokha chimene chinaoneka chinali a Kasimu, kamodzi, akudutsa panja ndi tochi, ataima n'kuyang'ana nyali yoswekayo, akupukusa mutu.

Palibe amene anamuyang'ana Godwin, ndipo zimenezo zinamupweteka kuposa akanamutukwana. Mwini nyumba anatuluka mwakachetechete. Amayi ophika anabwerera kumbaula zawo. Godwin anakhala pansi, pasimenti penipeni. Ankamva kutentha kumaso ndi m'khosi ngati wavulidwa pakati pa msika. Anaganiza za dzanja lake lija, mmene analitambasulira, chala chili nga, ndi nsapato ija yotsala pageti.

"A Godwin," a Maureen anatero patapita nthawi, mawu awo ali osweka, "mwezi uno, tsiku limene munagona tulo tokwanira ndi liti?"

Godwin anayesa kulifufuza tsikulo m'mutu mwake. Sankalikumbukira.

"Ine ndimakuonani mukuwodzera mutaimirira, mbale ili m'manja. Ndimaona, koma ndimati bola ntchito ikuyenda. Munandiuza kuti ndinu chitsulo, ine n'kukondwa chifukwa zinandipeputsira." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. "Dzukani. Mdala uja ali m'chitolokosi chifukwa cha ife."

Kupolisi anapita pa galimoto ya a Maureen, iwo akuyendetsa, Godwin atakhala kumbuyo ngati katundu. Godwin anafotokoza zonse yekha, wapolisi akuonera chithunzicho kachiwiri, ndipo anapereka laisensi yake asanamufunse. Pamene a Kasimu ankatulutsidwa, diso limodzi litatupa mpaka kutsekeka, Godwin anayang'ana pansi, ndipo anangoona mapazi awo akudutsa, lina lovala, lina losavala. Godwin anagona m'chitolokosi momwemo, pamalo pomwe anagona mdalayo masana onse, ndipo anatuluka pa belo mawa lake kuti akadikire mlandu. Kujambula kunaima. Kutayambiranso, a Maureen analemba madalaivala awiri, nalamula kuti ntchito izitha dzuwa likangolowa, ndipo amene watula anthu madzulo asakhale amene awatenge m'mawa. Felix madokotala anamuika chitsulo m'mwendo. Godwin atapita kukamuona kuchipatala, mnyamatayo anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Ndinaimba belu, abwana. Ndinaimba kwambiri." Atatero anatembenukira kukhoma.

Ku Kawale, Godwin anayamba kuyenda njira zodutsa kuseri kwa nyumba. Pampopi azimayi ankasiya kuyankhula Elsie akafika. Ana ena ankamutcha Tina kuti mwana wa mzukwa. Koma chimene chinkamulemera kwambiri chinali ulendo umodzi umene ankauzengereza tsiku ndi tsiku, mpaka Elsie anamutulutsira malaya Loweruka lina masana nati, "Lero tipita, bambo a Tina. Mukapanda kupita, ndipita ndekha, ndipo manyazi ake adzakhala aakulu kuposa awa."

A Kasimu ankakhala m'kanyumba ka zipinda ziwiri kumunsi, kufupi ndi dambo. Anawapeza atakhala pamkeka pakhonde, nthiti zitamangidwa nsalu, akusoka nsapato. Godwin sanadikire mpando. Anagwada pafumbi, ndipo mawu onse amene anawakonza panjira anabalalika.

"Abambo, ndinakulakwirani. Munandiuza zoona tsiku lililonse, ine n'kukumenyetsani. Ndilibe pogwira."

A Kasimu anapitiriza kusoka mpaka ulusi unatha.

"Ndakalamba, achimwene," anatero. "Ndalondera malo ambiri. Akuba anandimenyapo, koma anthu amene ndimawapatsa moni tsiku ndi tsiku anali asanandimenyepo. Zimenezo ndiye zikundiwawa, osati nthitizi. Kukhululuka ndikhululuka, chifukwa nanenso ndidzafuna kukhululukidwa. Koma musandifulumizitse."

"Sindikufulumizitsani, abambo."

"Dzukani, khalani apa." Anatembenukira kwa Elsie. "Amayi, akazi anga ali kuseriko, akusankha nyemba. Kawaoneni."

Elsie atapita, mdalayo anasendera pafupi, natsitsa mawu.

"Pali mawu amene ndinawameza tsiku lija. Ndikanawanena, mwina sakanandimenya, chifukwa pakanapezeka mboni. Koma akazi anu anali pomwepo, ndipo ine sindipasula banja la munthu. Tsopano ndikuuzani ngati mwana wanga: mayi ujayo musiyeni. Muli ndi mkazi wabwino."

Godwin anakweza mutu. "Mayi uti?"

"Amene mumabwera naye uja. Wokhala mpando wa kumbuyo."

"Abambo, ine ndimabwera ndekha. Womaliza kutsika ndi Upile, ku Area 36. Mwina mumaona zovala za sewero, zimapachikidwa kumbuyoko."

A Kasimu anamuyang'ana ndi diso lawo labwinolo, ndipo pang'onopang'ono nkhope yawo inasintha.

"Zovala ndimazidziwa, achimwene. Zovala sizibweza moni. Inu ndikakupatsani moni pageti simumayankha, mumangodutsa ngati mtembo. Amayankha ndi iwowo. Mawu aulemu, a munthu wamkulu. Ine ndimayesa amatsika ndikamatseka geti, n'kutsogola."

Dzuwa linali likuwala, nkhuku zikupalasa pabwalo, kuseri kukumveka Elsie akuseka ndi mayi a pakhomopo, koma Godwin anamva kuzizira kukukwera kuchokera m'mapazi. Anakumbukira mdima uja wa kumbuyo kwa mpando, umene kamera sinathe kuuboola.

"Amati chiyani?" Godwin anafunsa.

"Masiku onse amanena zofanana. Amati, 'Zikomo abambo, ndamufikitsa.'" A Kasimu anaika nsapato ija pansi. "Koma usiku womaliza uja sananene zimenezo. Ndinawamva akulira. Anati, 'Lero wandilemera.'"

Elsie atabwera kudzatsanzika, anadabwa kuona mwamuna wake atagwira dzanja la mdalayo ndi manja onse awiri, ngati mwana woopa kuwoloka msewu. Pobwerera Elsie anafuna kuti adutse njira yachidule ya kuchigayo, yodutsa pampanda wa magalimoto uja, koma Godwin anakana. Anazungulira njira yaitali ya kumsika, kukadali kowala, ndipo panjira ponse sanayang'ane m'mbuyo.